Ukadula, Udule Pamwamba pa Chipsera

Lyon, Lachiwiri pa 14 Okutobala, 10 koloko m'mawa

Kwa mlongo wanga Aníbal,

Ndakhala pansi tsopano lino, ana atapita kuntchito, nyumba ili zii, kuti ndikulembere ndi dzanja lomwe lija linkakupukuta mamina. Za foni ndaleka. Ndikaimba amayankha ndi akazi ako, ati wagona, ati uli kumunda. Tsiku lomwe unalakwitsa n'kuyankha wekha, unasanduka gonthi nditangotchula za mtengo wa Amayi. Pepala sungalinamizire kugontha.

Uli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulola kukwera chitunda? Shuga watsika, kapena ukubisabe nkhuyu zouma m'thumba la jekete? Ndikufunsa chifukwa ndiwe mlongo wanga, komanso ndikufuna ukhale ndi moyo mpaka umalize kuwerenga. Ine ndilipo. Miyendo ikutupa, masitepe a nyumba ino ndimawatsika Lamlungu lokha popita ku Misa. Mwana wanga Odete ali bwino, wanenepa. Mwamuna wake Thierry alinso bwino, akudyabe tchizi chonunkha ngati sokosi ya msilikali.

Tsopano nkhani. A Perpétua, aneba athu a mbuzi aja, andiuza kuti pa mtengo wa alifaroba wa Amayi, uja wa zipatso zazitali zotsekemera zonga makoko a nyemba, pali utoto wofiira. Ati kunabwera anthu a galimoto yoyera, anazungulira munda wonse akulemba mitanda pamitengo, iwe uli pambuyo pawo chipewa chili m'manja ngati ukuperekeza bishopu. Ati chaka chino chisanathe abwera ndi makina ocheka, agwetse zonse, mubzale mapeyala. Mapeyala, Aníbal. Pamiyala paja, pomwe chitsime chimauma mu Juni. Mitengo yakumwa kuposa malemu amalume Firmino.

Koma za mapeyala sindilimbana nawe. Munda ndinakusiyira wonse pobwera kuno, sindinatenge ngakhale mwala wotsekera chitseko. Bzala mapeyala, bzala nthochi, bzala maambulera ngati ukufuna. Ine ndikunena za mtengo umodzi, wa pakona paja pomwe mpanda wathu wamiyala umakumana ndi wa a Perpétua.

Popeza zomwe unauzidwa uli mwana unazimwera vinyo, ndikukumbutse. Mtengo umenewo unamera wokha, wakuthengo, wobala tizipatso towonda touma toti ngakhale bulu ankatinunkhiza n'kuyang'ana kumbali. Amayi athu a Ilda pokwatiwa anatsika kumapiri kwawo ndi kanthambi ka mtengo wa agogo, atakakulunga m'nsanza yonyowa. Anthu ena amabwera ku ukwati ndi mabulangete, iwo anabwera ndi kanthambi. Bambo anamezanitsa kanthambiko pa mtengo wakuthengo uja. Chipsera chake chikadalipo, chotupa chija chozungulira thunthu, chomwe unkapondapo pokwera kukabisala ukaba mazira. Pansi pa chipseracho ndi mtengo wakuthengo. Pamwamba pake ndi Amayi. Mtengo wa agogo kumapiri unapsa ndi moto wolusa uja, ukudziwa. Ndiye wina wa mtundu umenewu kulibe, pita mpaka ku tauni ya Loulé ukafunse. Alifaroba wonenepa, woti ukamuthyola pakati amadontha uchi m'zala.

Ndipo iwe amene ukumulemba mtanda, mkaka wa Amayi unauma uli khanda. Ndinkatafuna alifaroba ameneyo ine, n'kumakulavulira mkamwa ngati nkhunda. Mimba imene ukuyenda nayo kutsogolo lero inayambira pamenepo.

Mphekesera za mapeyalazi ndinazimva chaka chatha. Sindinakalipe, Odete angandichitire umboni. Ndinati chabwino, ndifese njere, ndilere mbande, ikakula tidzamezanitsepo diso, kamphukira ka pakhungwa la mtengo wa Amayi, mtunduwo usathe. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha: munditumizire zosesa za m'khola la mbuzi, zodzaza kathumba ka shuga. Aliyense wobadwira kwathu amadziwa chifukwa chake. Njere ya alifaroba ndi mwala. Ukaiponya m'dothi ili choncho, ikhala momwemo zaka, ikungokuyang'ana. Imafuna idutse kaye m'mimba mwa mbuzi kuti khungu lake lifewe, ndiye imayamba kumwa madzi. N'chifukwa chake mbande zimamera m'mphepete mwa mipanda momwe mbuzi zimagona masana zikubzikula, osati pakhonde la ansembe.

Akazi ako a Graciete anayenda nayo nkhani imeneyi mudzi wonse. Kogula buledi, pabenchi la kutchalitchi, mpaka kumsika. Ati Belmira wapenga ku France, chisanu chamulowa m'mutu, akuitanitsa manyi a mbuzi. Ati kaya akufuna azithira mu khofi. Anthu anaseka. Mayina awo ndili nawo onse.

Kenako ananditumizira chitini cha mabisiketi kudzera kwa Valdemar, dalaivala wa basi yomwe imabwera kuno kuchokera kwathu. Mkati muli njere zotsukatsuka, zonyezimira, atazigoneka pathonje ngati ndolo za mkwatibwi. Valdemar, manyazi ali m'maso, anati amuuza kuti anene kuti kunyumba kwawo satumiza uve.

Ndinati njere ndi njere. Ndinachita momwe Bambo ankachitira mbuzi zikasowa: kuthira madzi otentha, kuzisiya momwemo mpaka mawa lake, kenako m'dothi. Zinatupa, ine n'kukondwa. Kenako zinasanduka phala lonunkha. Ndinafesanso, zinaola. Ndinafesanso. Nyengo yonse yachisanu ndinakhala ndikufesa, kuola, kufesa, kuola. Ndinanamizira madzi a mumpopi wa kuno. Ndinanamizira dothi la m'thumba lomwe amagulitsa m'sitolo. Ndinanamizira fodya wa Thierry mpaka mwana wa eni ake anayamba kukasutira panja chisanu chikumuluma makutu. Odete ankangoti, amayi, mukuthirira maliro.

Mu Febuluwale ndinatenga njere imodzi yotsala m'chitini, ndinaiphwanya ndi pulayala. Mkati mwa njere yamoyo mumakhala mwachikasu. Umu munali modera ngati khofi. Ndinanunkhiza, ndinamva uvuni. Uvuni wa kuseri kwa nyumba yako, ndimaudziwa, ndinaumata ndine.

Ndinafunsa a Perpétua. Anati ee, ndinawaona ndi maso angawa alamu anu akuzilowetsa mu uvuni buledi atangotuluka, pamodzi ndi nkhuyu, ati kuti mphutsi zife. Nkhuyu timaziotcha chifukwa n'zodya, Aníbal. Njere ukaiotcha imafa pamodzi ndi mphutsi zomwezo. Ngati anachita mosadziwa, ndiye kuti wakalamba ndi mkazi wosasiyanitsa chodya ndi chobzala. Ngati anachita dala, wakalamba ndi china choposa pamenepo. Sankha wekha chomwe chikukupepukira. Ine chomwe ndikudziwa n'chakuti chaka chathunthu chinapsera mu uvuni umenewo.

A Perpétua sanafunse zambiri. Anasesa m'khola mwawo, anathira m'botolo lalikulu la maolivi, anapatsa Valdemar. Linafika mu Malichi. Analandira ndi Thierry, ine ndili kuchimbudzi, ndipo miyendo yanga siithamanga. Pofika kukhitchini ndinamupeza atatsegula, kandowe kamodzi ali nako m'zala, pafupi ndi mlomo.

"Amayi, awa ndi maolivi a mtundu wanji? Ndi aang'ono bwanji."

"Lawani, apongozi," ndinatero. "Kwathu timapatsa alendo olemekezeka okha."

Odete ndiye anaononga zinthu, anamumenya dzanja. Thierry anatsuka m'manja kangapo, koma sanakwiye. Madzulo ake anayala yekha nyuzi pakhonde, anavala magolovesi otsukira mbale, tinafufuza limodzi. Munthu wa ku France, wosadziwa ngakhale mbuzi imayamba kudzuka ndi miyendo iti, kufufuza m'ndowe za mbuzi chifukwa cha mtengo wa Amayi ako. Iwe nthawi imeneyo unali kuti? Unali kuyeza munda ndi anthu a galimoto yoyera.

Njere za m'kholazo sizinali zokongola ayi. Zothimbirira, zokalikakalika, zina zong'ambika pang'ono m'mbali. Koma sabata isanathe zinatupa kuwirikiza, ndipo zinatupa molimba, osati phala. Popeza iwe chomwe unaonapo chikumera ndi ndevu zako zokha, ndikuuze momwe zimakhalira. Choyamba kutuluka si tsamba. Ndi kamuzu koyera ngati dzino la khoswe, ndipo sikafunsa njira, kamangolunjika pansi. Pamwamba suona kanthu, ungaganize kuti yafa, pomwe iyo ili kalikiliki kukumba. Kenako dothi limang'aluka, pamatuluka kakhosi kopindika ngati nkhalamba yosenza nkhuni. Kamadzuka pang'onopang'ono, khungu la njere lili kumutu ngati chipewa. Chipewa chikagwa pamatseguka timasamba tiwiri tonenepa ngati makutu a mbewa. Timeneto ndi kamba wake wa paulendo. Masamba enieni amabwera pambuyo, ofiirira, ofewa, onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo amadzasanduka obiriwira akakhwima. Tsiku lomwe ndinaona tsamba lofiira loyamba ndinakhala pampando n'kuiwala mphika pamoto. Nyemba zinapserera, Odete anakalipa, ine osamumva.

Zinamera zingapo, koma usaganize kuti ndili ndi nkhalango. Zina Odete anazipha ndi chifundo. Ndinagona m'chipatala masiku ochepa chifukwa cha miyendoyi, iye n'kumazithirira m'mawa ndi madzulo ngati letesi. Alifaroba safuna mapazi onyowa. Ndinazipeza zitada m'khosi, zitagona chammbali. Zina ndinazifesa m'tizikho ta yogati, muzu unafika pansi, unasowa kolowera, unayamba kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Muzu ukapindika choncho mtengo wake sudzakhalanso mtengo, udzangokhala chitsamba chodwaladwala. Pamwamba mbande imaoneka yaifupi ngati chala, pansi muzu watalika kale ngati mkono. Kwathu ndi mmene imapulumukira chilimwe, imakafuna madzi m'ming'alu ya miyala, kumene mapeyala ako sadzafikako ngakhale uwalembere kalata.

Yotsala ndi imodzi. Thierry anadula paipi ya madzi a padenga, yotalika kufika m'chiuno mwanga, tinadzazamo dothi losakaniza ndi mchenga, tinaimika pakona ya khonde titaimanga ndi lamba wake wakale. Mmenemo ndi momwe yakulira chilimwe chonsechi. Tsopano yapitirira chikhatho, masamba ake ali awiriawiri, olimba ngati chikopa. Dzulo ndinamuuza Thierry anyamule paipi ndione kunsi. Muzu wasuzumira. Ukufuna dothi lenileni, ndipo kuno chisanu chayamba kale kugogoda. Chisanu cha ku Lyon chikaigwira usiku umodzi, basi yatha.

Ndiye mbande ikubwera. Ikwera basi ya Valdemar kumayambiriro kwa Novembala, ili m'paipi yake yomweyo, ndipo walonjeza kuti aiimika kuseri kwa mpando wake osati kunsi kwa masutikesi. Usade nkhawa, sindikupempha dothi lako. A Perpétua akumba kale dzenje mbali yawo ya mpanda, moyang'anana ndi mtengo wa Amayi. Adzang'amba paipi m'litali kuti muzu usagwedezeke, adzatchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi zawo zomwe. Udzaiona tsiku lililonse popita kukathirira mapeyala.

Ndikudziwa zomwe unene, ndikumva ngakhale mawu a akazi ako kumbuyo kwako: Belmira wapeza mtengo wake, atisiye tsopano. Ayi. Njere si mayi wake. Njere ya alifaroba imabwerera kuthengo, ngakhale itachokera pa mtengo wabwino chotani. Ikhoza kubala touma tija ta bulu. Ikhozanso kukhala yamphongo, yongotulutsa maluwa onunkha aja chaka ndi chaka osabala kanthu, ngati ena a m'banja mwathu omwe sinditchula. Mbande ndi miyendo chabe. Mutu uyenera kuchokera kwa Amayi. Ikadzanenepa ngati chala chako chachikulu, chisanu chikangotha, khungwa likamasendeka mosavuta, a Perpétua adzadula diso limodzi pa kanthambi kanthete ka mtengo wa Amayi, adzaling'ambira pakhungwa la mbande, adzamanga. Manja awo akadali okhazikika. Koma diso limenelo liyenera kuchokera pa mtengo wamoyo. Pa nkhuni sadulapo diso.

Pamafunika zaka ziwiri, mwina zitatu. Chikhala kuti njere zoyamba zija sizinalowe mu uvuni, bwenzi chimodzi chitapita kale. Ndiye chaka chimenecho usandiwerengere ine, kafunse kukhitchini kwako.

Pempho langa ndi limeneli. Tenga palafini ndi nsanza, ukafute mtanda wofiira uja. Uwauze a galimoto yoyera kuti wa pakona ausiye. Akakufunsa chifukwa, unene kuti uli ndi mlongo wopenga ku France, nkhaniyo ili kale m'mudzi, akukhulupirira. Mtengo umodzi pakona suphimba mapeyala angati? Sumwa madzi ako. Sunakupemphepo feteleza kuyambira uli m'matewera.

Alifaroba wa mbande imeneyi ine sindidzamulawa, ndikudziwa. Miyendo yanga ndi adokotala anagwirizana kale. Sindikufuna kudya. Ndikufuna kuti mdzukulu wa Odete, kapena wako yemwe, akadzathyola alifaroba n'kumatirira zala, wina adzanene kuti uyu anabwera ndi agogo Ilda kuchokera kumapiri, m'nsanza yonyowa. Amayi sanasiye chithunzi, sanasiye mphete. Mwala wa pamanda awo unafufutika kale. Chomwe anasiya ndi chimenecho, ndi ife awiri, ndipo pa zitatuzi chomwe chikubalabe zabwino ndi mtengo.

Tsopano tamvera, chifukwa izi ndilemba kamodzi kokha, ndipo cholembera chikundiwawa m'dzanja. Ndimakudziwa. Unabadwa woopa anthu ovala nsapato zoyera. Mwina unawalonjeza kale ndipo ulibe khosi lobweza mawu. Mwina kunyumba sakupatsa mtendere. Ngati zafika pamenepo, ngati mtengowo ugwa ndithu, ndiye pita nawo tsiku limenelo. Usakhale m'nyumba ukumvera makina patali. Ukaime pafupi, uike dzanja lako pa chipsera chija, uwauze adule pamwamba pake. Asiye zikhatho ziwiri pamwamba pa chotupacho, ndipo chitsa asazule. Alifaroba safa msanga. Chitsa chidzaphuka chisanu chikubwerachi chikangotha. Mphukira za pansi pa chipsera ndi zakuthengo, zimenezo uzithyole. Za pamwamba ndi Amayi. Ngakhale imodzi yokha itatuluka, a Perpétua adzapezapo diso.

Nthambi zonse tenga, uotche, uwothe moto ndi akazi ako. Mthunzi ndakupatsa. Zipatso ndakupatsa. Ine Belmira, amene sindinakugwadirepo chibadwire, ndikupempha chitsa. Akadula pansi pa chipsera, ngakhale pang'ono pokha, udzakhala utawaika Amayi m'manda kachiwiri, ndipo ulendo uno wekha, popanda wokuthandiza kunyamula bokosi. Zikadzatero usadzavutike kubwera kumaliro anga. Ndamuuza kale Odete kuti akadzakuona pachipata adzakupatse mpando panja.

Undiperekere moni kwa mwana wako Rogério ndi mkazi wake, umuuze kuti ndikudziwa nzeru ya mapeyala inachokera kwa iye, ndipo azakhali ake akumukumbukira m'mapemphero, ena abwino. Moni kwa adzukulu ako onse, iwo alibe mlandu. Moni kwa msuweni wathu Deolinda, umuuze kuti kuseka kwake kwa kogula buledi kunamveka mpaka kuno. Kwa a Perpétua usapereke moni, ndimawapatsa ndekha, sindifuna ufike utazizira. Odete akupereka moni kwa amalume ake. Thierry akuti ndikuuze kuti lamba wake adzabwerere ndi Valdemar.

Umwe mankhwala a shuga. Usafe nkhaniyi isanathe.

Ndine mlongo wako wamkulu, amene anakubereka kumsana,

Belmira

Alamu a Graciete, ndikudziwa kuti mukuwerenga ndinu. Envelopu iliyonse yofika pakhomopo imayamba yadutsa pa nthunzi ya ketulo yanu, ndipo Aníbal magalasi ake amakhala m'thumba la epuloni yanu. Mwafika kumapeto, mwamva zonse zomwe ndimakuganizirani, palibe chomwe ndabisa. Inunso munadyapo alifaroba ameneyu muli ndi pakati pa Rogério, pomwe china chilichonse chinkakubwererani. Ndinkakutolerani ndine. Tsopano pindani pepalali bwinobwino, mutenge magalasi aja, mukampatse mwini wake zonse ziwiri ali maso. Mu uvuni musaliike. Lilibe mphutsi.